Pakona ya Galimoto: Kodi kunyamuka msanga ndi matama chabe?

Mwezi uno mafunso ambiri amene mwatumiza akuzungulira pa nkhani imodzi, mphamvu ya galimoto ponyamuka komanso pokoka. Ndasankhapo angapo, ena ndawadulako chifukwa malo ndi ochepa, musakhumudwe.

FUNSO: Achimwene, ndakhala ndikusunga kandalama ndipo chaka chino ndikufuna kuitanitsa galimoto yanga yoyamba kuchokera ku Japan. Anzanga ku ntchito akayamba nkhani ya galimoto amangoti ya uje imapanga masekondi 7, ya uje 12, mpaka kufuna kugwirana m'khosi. Koma ine ndikamaona zithunzi pa intaneti, kaya Vitz kaya Mark X, wotchi ya sipidi imathera pa 180 zonse. Ndiye kusiyana kwake kuli pati? Si matama chabe amenewa? Ndimakhala ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Mulanje ndipo ndimapitako pafupipafupi.
Mnyamata wa ku Area 25

YANKHO: Mphwanga, tichotse kaye nkhani ya 180 yo. Makampani a ku Japan anagwirizana kalekale kuti galimoto zogulitsa m'dziko mwawomo azizimanga zisamadutse 180 pa ola, tija ting'onoting'ono ta 660cc ngati Mira anatimanga pa 140, n'chifukwa chake galimoto zambiri zimene timalandira kudzera ku Dar es Salaam wotchi zake zimathera pamalo amodzi. Nambala imeneyo ikungokuuzani kumene galimotoyo yachokera basi. Vitz ya injini ya lita 1.0 ija 180 yo imangoiona ndi maso, siidzafikako mpaka kalekale.

Zimene akukangana anzanuzo ndi nthawi imene galimoto imatenga kuchokera poima mpaka kufika 100 pa ola dalaivala ataponda moto mpaka pansi. Tigalimoto ta 1.0 ngati Passo ndi Vitz timadya masekondi opitirira 13, za 1.5 ngati Fit zimakhala cha m'ma 10 mpaka 12, Mark X ya 2.5 cha m'ma 8 kapena 9, pomwe Golf 7 GTI eni ake a Volkswagen amati 6.5. Pa pepala zimaonekadi zachibwana, masekondi anayi ndi chiyani pa ulendo woyenda tsiku lonse, ndipo palibe munthu wa mutu wake amene amaimika galimoto pakati pa M1 n'kuyamba kuponda kuchokera pa ziro. Masekondi amenewa amagwira ntchito pena, ndipo inu oyenda msewu wa Lilongwe ndi Blantyre malo ake mukuwadziwa bwino.

Mwadutsa Ntcheu mukulowera ku Balaka, kutsogolo kuli thiraki ya ngolo yodzaza feteleza ikukwawa pa 60, kumbuyo kwanu kwandandalika minibasi ndi ma Sienta awiri aliyense akusuzumira. Msewu ndi womwewu, njira imodzi yopita imodzi yobwera. Mwatulutsa mphuno, kutsogolo kukuoneka koyera, madala a thiraki aja akuphethiritsa indiketa ya kumanzere kukuuzani kuti dutsani, ngakhale zimenezo musamazikhulupirire kwambiri, maso anu ndi amene aziweruza. Tsopano tiwerenge. Thiraki yotero imatalika mamita pafupifupi 20, mukaphatikiza mpata umene munasiya kumbuyo kwake, kutalika kwa galimoto yanu ndi mpata woti mulowere kutsogolo, mukuyenera kuipitirira ndi mamita ngati 60. Galimoto yofooka yodzaza anthu itha kutenga masekondi 12 kuti imalize ntchito imeneyi, yamphamvu 8 kapena kucheperapo. Basi imene ikubwera kutsogoloko pa 100 ikudya mamita 28 pa sekondi iliyonse, inunso mukuithamangira komweko. Masamu ake akutuluka kuti wa galimoto yofooka uja akufunika msewu woyera wa mamita ngati 600, mnzakeyo 400 amukwanira. Aliyense amene anayamba wapezekapo ali kumanja kwa msewu, phazi lili pansi, injini ikulira koma galimoto osapita, thiraki ili pambali matayala ake akulira m'khutu, kutsogolo wina akumuphethirira malaiti, amadziwa kuti mamita 200 amenewo si masewera.

Ndiye ine munthu akandifunsa ndimati za ziro muiwale, funsani kuti galimotoyo imakoka bwanji kuchokera pa 60 kufika 100 itanyamula anthu. Magazini a galimoto akunja amayesanso zimenezi, ambiri amalemba 80 mpaka 120, kungoti anyamata sazitchula chifukwa sizikoma kukamba pa bawa.

Koma anzanu aja osawaseka. Okonda galimoto ali ndi chifukwa chinanso chimene sichili pa masamu. Thupi la munthu silimva liwiro, limamva kusintha kwa liwiro. Mu ndege muli m'mwamba pa 800 pa ola mumamwa tiyi osatayika, koma ija ikamanyamuka pa Chileka msana umamatirira ku mpando mtima n'kudumpha. Kukoma kumeneko n'kumene munthu wa GTI kapena Subaru amalipirira ndalama zake, ndipo amakumva tsiku ndi tsiku, pochoka pa loboti, potuluka pa raundabauti, polowa msewu waukulu, osaphwanya lamulo lililonse, pomwe liwiro lomaliza la galimotoyo sadzaliona moyo wake wonse makamaka kwathu kuno kumene ukangoyenda pang'ono pali hampu, pali mbuzi, pali akabaza, kenako apolisi abisala pansi pa mtengo ndi kamera yawo.

Kwa inuyo, poti ulendo wa ku Mulanje ndi wa pafupipafupi ndipo pobwerera simubwera chimanjamanja, pali chinanazi, thumba la chimanga ndi azakhali amene akufuna kudzaona Lilongwe, 1.0 ikuchepererani. Yambirani pa 1.3, bola 1.5. Mark X njokoma osanama, V6 yake ya 2.5 imatulutsa mahosipawa opitirira 200, koma msonkho wa MRA umayendera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo anyamata othira mafuta onse adzakudziwani ndi dzina. Dziwaninso kuti kainjini kakang'ono kamene mukukaponda mpaka pansi ulendo wonse sikasunga mafuta mmene anthu amaganizira.

FUNSO: Bambo, ine ndimachita bizinesi ya mpunga, ndimakaoda ku Karonga kubwera nawo ku Mzuzu pa Sienta yanga. Kunyanja imayenda bwinobwino koma ndikangoyamba kukwera Chiweta imalira kwambiri, singano ya marevu imakwera koma liwiro osakwera, mpaka ana amandifunsa ngati atsike akankhe kkkk. Makaniko wina wandiuza kuti injini yatha ndigule ina. Ndimumvere?
Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

YANKHO: Mayi, ndalama yanuyo imangeni kaye pa chitenje. Sienta yakale ija ili ndi injini ya 1.5 ya mahosipawa ngati 110, ndipo yokha yopanda kanthu imalemera makilogalamu opitirira 1,200. Mukaikamo matumba asanu ndi limodzi a 50, inuyo, ana ndi mnyamata wonyamula, mwawonjezera makilogalamu 500 kapena kuposa pamenepo koma injini ikadali yomweyo. Kunyamuka kwa galimoto kumayendera mphamvu poyerekeza ndi kulemera, ndiye mukawonjezera katundu ndi pafupifupi theka la kulemera kwake, kukoka kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, apo musanayambe n'komwe kukwera phiri.

Kenako pali nkhani ya mpweya imene anthu ambiri saiganizira. Injini yopanda tabo, chipangizo chija chokankhira mpweya mu injini, imapuma mpweya mmene ulili, ndipo mukamakwera kumtunda mpweya umapepuka, pa mamita 300 alionse injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100. Nyanja yathu ili pa mamita ngati 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, Mzuzu ali pa 1,200 ndi kanthu, ndiye galimoto yomweyo ku Mzuzu imakhala yofookerapo kusiyana ndi ku Karonga. Wa ku Dedza, pa mamita ngati 1,600, amayenda ndi injini imene yataya pafupifupi 15 pa 100 ya zimene analemba a ku Japan, mwini wake osadziwa n'komwe.

Kulira kuja mwina n'kumene kwamusokoneza makaniko wanuyo. Ma Sienta ambiri ali ndi giyabokosi ya CVT, ilibe magiya oti wani, thuu, firii, ili ndi lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri amene amasinthasintha kukula. Mukaponda moto imakweza marevu n'kuwasiya pamenepo, liwiro n'kumabwera pambuyo pang'onopang'ono. Kwa munthu amene anakulira pa manual zimamveka ngati kilatchi ikuterereka, koma ndi mmene anaipangira.

Injini yotha siibisala, imadya oyilo, imatulutsa utsi wa buluu, m'mawa imavuta kulira. Ngati zimenezi palibe pitani kwa makaniko wina amene ali ndi geji ya kompuresheni ayeze masilinda onse anayi inu muli pomwepo, ndi ntchito yosafika ola. Aonenso eya fyuluta chifukwa pa fumbi lathuli imatsekeka msanga, aone mapulagi, aone ngati mabuleki sakugwira okha, komanso mafuta a mu giyabokosi akhale a CVT enieni, ena amangothiramo ATF, mafuta a otomatiki wamba, n'kuipha giyabokosi yabwinobwino. Pokwera zimitsani eyakoni ndipo matumbawo chepetsaniko mayi, galimoto imeneyo anaipangira banja osati geni ya mpunga. Potsika Chiweta yomweyo muziika giya yotsika injini izikugwirirani, osangodalira mabuleki mpaka ayambe kununkha.

FUNSO: Madala, ndili ku Joni ndipo ndikufuna kubwera ndi galimoto kumudzi. Mtima wanga uli pa Golf 7 GTI koma achimwene anga akuti ndigule Hilux 2.8, akuti ili ndi torque 500 pomwe GTI ili ndi 350 yokha. Nanga bwanji pa loboti GTI imaisiya Hilux ngati yaima? Akunama ndani apa?
Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Palibe akunama amwene, kungoti achimwene anuwo akuwerenga mzere umodzi wokha wa pepala. Torque ndi mphamvu yopotokola imene injini ikupereka, hosipawa ndi torque yomweyo kuchulukitsa ndi marevu, kutanthauza kuchuluka kwa ntchito imene injini ikugwira pa sekondi. Dizilo imapotokola kwambiri koma imatopa msanga, ikafika cha m'ma 4,000 yamaliza zake giya iyenera kusintha, pomwe ya GTI imapitirira mpaka kudutsa 6,000 ikukokabe. Hilux 2.8 ya kuyambira 2020 ili ndi mahosipawa 204, GTI 220, apa sizikusiyana kwenikweni, koma Hilux ya double cab imalemera matani awiri ndi kanthu pomwe GTI siifika tani imodzi ndi theka. Onjezani giyabokosi ya DSG imene ili ndi makilatchi awiri, ina ikukoka inayo yakonzeratu giya yotsatira, kusintha kwake simukumva n'komwe. Hilux ipambana bwanji pamenepo?

Nkhani ya kulemerayi a Volkswagen anaidziwa kalekale. GTI yoyamba ya 1976 inali ndi mahosipawa 110 okha, ofanana ndi Sienta ya mayi a ku Mzuzu aja, koma inkalemera makilogalamu 810 ndipo inkafika 100 m'masekondi 9, zimene pa nthawi imeneyo zinali za galimoto zodula kwambiri. Ndi pamene panayambira matenda amene akugwiraniwa.

Komanso poti muli ku Johannesburg, mamita 1,700 ndi kanthu m'mwamba, mwina munamvapo anyamata akunena kuti ma BMW akale opanda tabo, gusheshe amene amawapembedza ku Soweto, amakoka bwino akatsikira ku Durban. Ndi nkhani ya mpweya yomwe ija. Tabo imakankhira mpweya mu injini mokakamiza ndiye siitaya zambiri kumtunda, n'chifukwa chake ku Gauteng galimoto za tabo zimaoneka zolusa kwambiri zikaima pambali pa zopanda tabo.

Koma simunanene kuti kumudzi kwanuko ndi kuti, ndipo funso lonse lagona pamenepo. GTI njotsika, matayala ake ndi opyapyala pa marimu akuluakulu, dzenje limodzi la mvula ya Januwale limapinda rimu, ndipo DSG yakeyo imafuna mafuta ake enieni pa makilomita 60,000 alionse ndi makaniko wodziwa kompyuta, osati wa pansi pa mtengo wa mango. Hilux yo mukaidzaza mabelo a fodya kapena kuimangira ngolo pa chitunda cha matope mpamene mudzaone ntchito ya 500 ija. Ngati mudzakhazikika mu Blantyre kapena mu Lilongwe ndipo mtima uli pa GTI, gulani, thukuta ndi lanu, ine anthu ake ndimawamvetsa. Achimwene anuwo ndikuwakayikira kuti akuganiza za chimanga chawo chakumunda.

FUNSO: Ndinakwera Nissan Note e-Power ya mnzanga wa kutchalitchi, inanyamuka mwakachetechete koma mwamphamvu mpaka foni inagwa m'manja. Akuti injini yake ndi 1.2 yokha. Zikutheka bwanji?
Mtsikana wa ku Zomba

YANKHO: Achemwali, injini ya 1.2 yo siyendetsa matayala n'komwe, ntchito yake ndi kupukusa jenereta yopanga magetsi, yokankha galimoto ndi mota yamagetsi. Mota imapereka torque yake yonse ikangoyamba kuzungulira, siidikira marevu kapena giya, ndipo ya mu Note imene inatuluka mu 2016 ili ndi torque ya 254 Nm, yofanana ndi injini ya petulo ya 2.5, n'chifukwa chake m'tauni kamasiya galimoto zikuluzikulu pa loboti eni ake n'kumadabwa. Zamagetsizi zasokoneza mpikisano wonse wa masekondi. Mu 2005 Bugatti Veyron inafunika masilinda 16, matabo anayi ndi mahosipawa 1,001 kuti ifike 100 m'masekondi awiri ndi theka, pofika 2021 Tesla Model S Plaid, galimoto yonyamula banja lonse, inali ikufika msanga kuposa pamenepo.

Kungoti batire ya Note ndi yaing'ono, pa chitunda chachitali ngati chokwera ku Ku Chawe ikachepa mphamvu kainjini kaja kamalira kwambiri ndipo kukoka kumatsikako. Ubwino wake siilumikizidwa ku soketi, mumangothira petulo, magetsi akazima inu sizikukhudzani.

FUNSO: Akulu, ndili ndi ka Demio 1.3. Ndikufuna kudula ekizozi, kuchotsa catalytic converter, kuika fyuluta yotsegula ija ndi marimu a 17 kuti kazinyamuka ngati Subaru. Ndiyambire pati?
Mnyamata wa ku Ndirande

YANKHO: Yambirani pa kusiya zonsezo aphwanga. Ekizozi yodula imawonjezera phokoso, mphamvu ayi, nthawi zina imachepetsanso kukoka kwa pa marevu otsika, kungoti khutu likamva kulira limakunamizani kuti mukuuluka. Fyuluta yotsegula ikakhala mkati mwa boneti imakoka mpweya wotentha wa pa injini, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka, mphamvu yake ndi yochepa, osanena za fumbi limene yambiri yotchipa imalowetsa. Marimu a 17 ndi olemera kuposa amene anabwera nako, kainjini ka 1.3 kazivutika kuwazunguza, ndipo tayala lonse likakula kuposa loyamba zili ngati mwatalikitsa magiya onse, kunyamuka kumachedwerapo. Catalytic converter, yoyeretsa utsi mu ekizozi ija, imakhudzidwa pokhapokha yatsekeka, mukangoichotsa yabwinobwino mupeza nyali ya check engine, fungo, ndi utsi umene apume ndi anzanu oyenda pansi.

Pa injini yopanda tabo palibe matsenga otchipa. Za tabo ndi zimene munthu wa kompyuta amatha kuzisintha n'kupezadi mphamvu yooneka, koma nazonso kilatchi ndi giyabokosi ndi zimene zimalipira. Ndalama imene mwasungayo gulani mapulagi abwino, oyilo woyenera, matayala enieni osati akaunjika osadziwika zaka, ndi ma pad a mabuleki, kenako tsegulani buti mutulutse chibokosi cha sipika chija, kademioko kapepukidwa.

Za mabulekizi ndikunenetsa chifukwa anyamata mumakonda kukamba za kunyamuka, za kuima ayi. Liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi, amene wadutsa pa Lunzu kapena pa Lizulu tsiku la msika ali pa 100 m'malo mwa 50 akufunika malo anayi a mnzake kuti aime, ndipo tomato ndi ana ali m'mphepete mwenimweni mwa phula. Komanso mphamvu imapusitsa, munthu akakhala ndi galimoto yokoka amayamba kudutsa mathiraki pakona ndi pa chitunda posaoneka kutsogolo, mamita 200 amene injini inamupatsa aja n'kuwamwaza yekha.

FUNSO: Mwana wanga, ine ndapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo ndikufuna kugula galimoto yoyendapo kale konkuno. Za masekondizi sindizitsata. Ndingadziwe bwanji kuti ili ndi mphamvu zondikwanira ndisanapereke ndalama?
Bambo wa ku Kasungu

YANKHO: Zikomo bambo. Musaiyese muli awiri ndi wogulitsa kuzungulira pa depoti, pamenepo galimoto iliyonse imaoneka yamphamvu. Tenganipo anthu awiri kapena atatu akhale kumbuyo ngati mmene muzidzayendera popita ku maliro kapena ku ukwati, yatsani eyakoni, tulukani kunja kwa tauni injini itatentha kale. Pezani malo owongoka opanda anthu, ikani pa 60 kenako pondani moto mpaka pansi wina akuwerenga masekondi pa foni mpaka singano ifike 90 kapena 100 ngati malowo akulola. Ya otomatiki iyenera kutsitsa giya nthawi yomweyo osayamba yaganiza kaye kapena kugunda, ya manual marevu ndi liwiro zikwerere limodzi, marevu akathawa okha kilatchi yatha. Wakumbuyo ayang'ane ngati kukutuluka utsi. Bwerezaninso pa chitunda, ndipo ngati pali galimoto ziwiri zimene mukuzisirira ziyeseni pa malo omwewo ndi anthu omwewo, thupi lanu likuuzani lokha imene mungadutse nayo thiraki mtima uli m'malo. Wogulitsa akayamba zoti mafuta ndi ochepa muthireni malita angapo ndinu, ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi imene mukufuna kupereka. Akakanabe kutuluka nayo m'tauni, m'bwezereni makiyi ake mukaone ina.